Zaka Zimene Ndinkakankha Mwansa

Iwe Dalitso, sendera kuno. Nawe Chisomo, leka kukanda foniyo ngati ili ndi mphere. Dzulo ndinakumvani mukunong'onezana kukhitchini kuti agogo ndi ouma mutu, galimoto ili pakhomo koma ku tchalitchi akufuna wapansi. Makutu angawa anagontha ndi phokoso la mgodi, sindikana, koma miseche amaimva bwinobwino. Ndiye lero ndikuuzeni za miyendo iyi, chifukwa panatsala pang'ono kuti ndikhale ndi umodzi.

Ndipo iwe Dalitso usaseke. Ndiwe amene umadzuka m'mamawa, kukwera galimoto mpaka ku Parklands, kukathamanga pa lamba wa makina amene sakufikitsa kulikonse, n'kukweranso galimoto kubwerera kunyumba. Atate ako Yohane atandifotokozera ndinayesa akundinamiza. M'masiku athu munthu akamathamanga ndiye kuti kumbuyo kuli galu kapena kutsogolo basi ikumusiya.

Ine kuno ku Kitwe ndinabwera kuchokera ku Katete ndevu zikungoyamba kumera. Ndinakwera lole pamwamba pa matumba a mtedza mpaka ku Lusaka, kenaka sitima ya pamtunda, ndili ndi bulangete limodzi ndi mantha odzaza thumba. Kumgodi anandilemba ntchito ya malayisha. Dzina lokoma, koma tanthauzo lake ndi fosholo m'manja, kuwola miyala pansi pa nthaka akaiphulitsa. Kumeneko kunalibe munthu wa mimba. Thukuta linkadzaza m'majombo mpaka ukamayenda ankalira. Potuluka ankatipatsa kampompo, buledi wolimba woti ukagenda naye galu sabweranso, ndi koko wotsekemera m'kapu yachitsulo. Tinkadya chilichonse chimene chadutsa pafupi, thupi n'kupsereza zonse. Za kulimbitsa thupi sindinazimvepo masiku amenewo, linkalimba lokha, lifune lisafune.

Pansi pomwepo ndi pamene ndinakumana ndi Mwansa, Mbemba wa ku Kasama, wamfupi, wa pakamwa posatseka. Tsiku langa loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa kapitawo mokweza kuti, "Uyu mwamubweretsa kuti akumbe kopa kapena akumbe mbewa?" Ndinapsa mtima, fosholo ndinaigwira mwina. Mkulu wina wa kwathu anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mwanawe, ameneyo ndi mbuya wako. Muuze za anyani."

Inu ana a masiku ano chimbuya mumachidziwa cha pafoni chokha. Makolo athu a kum'mawa ndi makolo a Abemba anamenyana kalekale, ndipo atatopa anagwirizana kuti mikondo aike pansi, nkhondo izichitikira pakamwa. Kuyambira pamenepo Mbemba akhoza kukunena chilichonse, pamaso pa apongozi ako, pakhomo la tchalitchi, ngakhale pamaliro, ndipo iwe sukwiya. Umangobweza kuti kwawo ndiwo ndi nyani. Wokwiya ndiye amasekedwa. Tsiku limenelo ndinamufunsa Mwansa ngati mchira wa nyani amadya akulu okha kapena ana omwe, gulu lonse linafa nalo phwete, ndipo unali ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo kuyambira pomwepo.

Zaka zitapita, msana wanga unayamba kudandaula. Ananditulutsa pansi n'kundiika m'chipinda chogawira nyali za pachipewa, ntchito ya pampando. Fosholo ndinasiya, koma kadyedwe ka malayisha sindinasiye. Mimba inayamba kutuluka pang'onopang'ono, ndipo panalibe amene anadandaula. Agogo anu aakazi, amake Yohane, ankainyadira mimba imeneyo kuposa makatani a pabalaza. Kwathu mwamuna akaonda, wofunsidwa ndi mkazi. Tikapita kumudzi pa tchuthi, alongo anga ankandisisita pamimba n'kumauza agogo anu kuti, "Mlamu, mwagwira ntchito!" Nditapuma kumgodi anandisankha kukhala mkulu wa mpingo, ndipo anthu ankati udindowo ukundikhala, chifukwa mkulu wa mpingo woonda samveka bwino akamadzudzula. Zingwe za nsapato ndinasiya kumanga, sindinkazifikira. Ndinagula nsapato zongolowetsa n'kumauza anthu kuti ndi fasho.

Walira mvula walira matope. Linabwera ludzu losatha, kutuluka panja pafupipafupi, ndi nyerere zimene zinkachita msonkhano kuchimbudzi ndikatulukamo. Mapazi anayamba kuchita dzanzi. Kenaka ndinapunthwa pa sitepe, kachilonda pa chala chachikulu n'kukana kupola. Amake Yohane anayesa mchere, anayesa masamba a uku ndi uku, mapeto ake anandikokera ku kiliniki.

Dokotala wake anali mtsikana wa msinkhu wakowu, Chisomo, koma wa maso oti sungamunamize. Anati, "Atate, ndi shuga. Mankhwala ndikupatsani, chilondachi tichitsuka mpaka chiume, koma mankhwala okha sangathe nkhaniyi. Tiyi wa shuga musiye, zokazinga musiye, nsima muchepetse. Chilonda chikangouma muziyenda tsiku lililonse mpaka thukuta. Mukapanda kutero chala ichi tidzachotsa, ndipo chala sichikonda kupita chokha."

Sindinafunse kuti akutanthauzanji. Chaka chapitacho Mwansa anali atadulidwa mwendo wakumanja pansi pa bondo ku chipatala ku Ndola, matenda omwewa, ndipo nayenso zinayamba ndi chala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chilonda chitauma ndinavala jekete ndi chipewa, n'kutuluka kukayenda. Kuyenda kokha! Ndinati m'mtima, ine amene ndinkawola miyala, chingandivute n'chiyani? Sindinapite patali. Pa geti la Amayi Zulu, mayi wamasiye wa mumpingo mwathu, ndinamva, "Akulu a mpingo! Mwatiyendera lero? Mulungu ndi wabwino, lowani!"

Apa ndi pamene inu simungamvetse, chifukwa masiku ano mumadutsana ndi anansi anu ngati ng'ombe. Mkulu wa mpingo sayenda chabe. Akaoneka mumsewu ndiye kuti akuyendera nkhosa zake. Kudutsa nyumba ya Mkhristu osalowa ndi chitonzo, kulowa osakhala pansi ndi chipongwe, kukana chakudya ndiye nkhondo yeniyeni. Ndinalowa, ndinakhala, ndinapemphera. Nditatsegula maso patsogolo panga panali tiyi wamkaka wothiriratu shuga ndi mbale ya zitumbuwa zikutuluka nthunzi. Nditatuluka, a Mbewe a nyumba yotsatira anali ataima kale pa geti manja kumbuyo. "Kwa a Zulu mwalowa, ife tinalakwanji?" Kumeneko kunali munkoyo, thobwa la kuno lotsekemera, jagi yathunthu. Kwa a Sakala kunali mbatata yokazinga. Dzuwa lili paliwombo mwana wa a Mbewe anandibweza kunyumba pa galimoto, ati akulu atopa ndi ntchito ya Mulungu.

Ndinasintha njira. Ndinati ndiziyenda mumsewu waukulu wopita ku Chamboli, kumene kulibe mageti. Kumeneko vuto linali magalimoto. Mnyamata wina wa kwaya, woyendetsa takisi, anaima fumbi koboo.

"Agogo, kwerani!"

"Ayi mwanawe, ndikungoyenda."

"Muyenda kuti?"

"Kulibe, ndikungoyenda basi."

Anandiyang'ana mwachisoni, n'kuimbira foni atate anu kuti abwere msanga, atate awo mutu wasokonezeka, akuyendayenda mumsewu sadziwa kopita. Yohane anachoka kuntchito akuthamanga. Atamva nkhani yonse, m'malo mosangalala kuti mutu uli bwino, anakwiya. "Atate, anthu ati chiyani? Ati Yohane ali ndi motoka, atate ake ayenda ndi miyendo monga alibe ana!" Ndi atate anu amenewo, amene lero amakuuzani kuti muzimwa madzi ambiri.

Ndinayesa kukana. Ndinauza Amayi Zulu kuti ndili ndi shuga. Anati, "Shuga tonse tili naye, akulu, imwani tipemphererepo." Ulendo wina ndinalimba mtima, ndinakankhira kapu kutali n'kunena kuti pepani, sindimwa. Lamlungu lotsatira Amayi Zulu anakhala kumbuyo kwenikweni akupukuta misozi ndi mpango. Nkhani inali itafika kale kumsika, kuti akulu a mpingo akukana chakudya cha mayi wamasiye chifukwa akumuganizira kuti amuna ake anawadya yekha. Abusa anandiitana. Anati mtima wa mayiyo wasweka, ndipo njira yowukonzera ndi imodzi, ndipite ndikadye kunyumba kwake pamaso pa mboni. Ndinapita. Anapha nkhuku, anaphika mpunga, anawonjezera keke ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Mboni zinandiyang'ana mpaka ndinapukuta mbale.

Nditabwerera ku kiliniki, sikelo inakwera. Dokotala anayang'ana sikelo, anayang'ana ine.

"Atate, paja munati mukuyenda."

"Tsiku lililonse, mwanawe, Mulungu ndi mboni."

"Mukuyenda kupita kuti, ku bekari?"

Ndinaseka, koma iye sanaseke. Anandivula nsapato, anandiuza kuti nditseke maso, anati andibaya pang'ono kuphazi ndipo ndinene ndikamva. Ndinadikira. Nditaona kuti akuchedwa ndinafunsa kuti, "Muyamba liti?" Nditatsegula maso ndinapeza kuti anali atabaya kale chala, pansi pa phazi, mpaka pafupi ndi kakolo. Ana inu, ndinaopa. Mumgodi mwala unagwapo pafupi nane mpaka chipewa kuuluka, koma sindinaope ngati tsiku limenelo. Ndinatuluka ndikuyang'ana phazi langa ngati la munthu wina.

Sindinapite kunyumba. Ndinapita ku Wusakile kwa Mwansa. Chidulireni mwendo, munthu uja anali atasiya kutuluka. Ankakhala kuchipinda makatani otseka, wailesi yozimitsa, pakamwa paja patakhala chete. Mpando wa matayala umene ana ake anamugulira unali pakona, mkazi wake, bana Chanda, atausandutsa poyanika zovala. Ndinakhala pabedi n'kumufotokozera zonse, zitumbuwa, takisi, nkhuku ya mboni. Anayamba kugwedera mapewa. Kenaka anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka chifuwa chinamugwira, bana Chanda n'kubwera akuthamanga ndi madzi.

"Iwe Phiri," anatero akupukuta maso, "ndiwe munthu woyamba pa chalo kunenepa ndi kuyenda! Imwe a kum'mawa nzeru munasiya ku una wa mbewa."

Ndinamuuza za kubaya kuja. Kuseka kunatha. Anayang'ana phazi langa nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mailo ubwere m'mawa. Nalema nayo nyumba ino, nifuna kuona chalo. Uzanikankha. Ndipo jekete usiye kunyumba."

Ndinamumvera chisoni. Ndinati m'mtima, za phazi langa zakanika, koma mnzako akapsa ndevu m'zimire, munthu asafere m'chipinda ngati mleme. M'mawa mwake tinachotsa zovala pampando paja, tinapopa matayala, ndinamunyamula n'kumukhazikapo. Anafunda chitenje pamiyendo, anavala chipewa chake chakale cha kumgodi, n'kuloza kutsogolo ngati kapitawo. "Tuleya!" anakuwa, ndiye kuti tiyeni m'chinenero chawo cha anyanicho. Sanafune njira ina, anati tidutse m'dera lathu lomwelo.

Amayi Zulu anali akusesa pa geti. "Akulu a mpingo! Lowani, ndi mlendo wanu yemwe, tiyi ali pamoto!"

"Awe mukwai!" anakuwa Mwansa kukana m'Chibemba, msewu wonse kumva. "Uyu lero si mkulu wa mpingo iyai, ni bulu wanga! Munaonapo bulu akumwa tiyi? Mwamunenepetsa monga nkhumba ya Khrisimasi, mufuna mumudye? Mbewa zasila kwanu? Mupatseni madzi a pampopi, mayi, asanafe nili pamsana pake!"

Ine ndinatseka maso, ndinaona kale nkhuku ina ya mboni. Koma Amayi Zulu ndi Mngoni wa ku Chipata, ndipo amene ankalankhulayo ndi mbuya. Anaseka mpaka anakhala pansi tsache lili m'manja. Anamutcha nyani wopanda mchira, anamufunsa ngati mwendo winawo anausiya mumtengo, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapu ya madzi. Ndinamwa chiimire, tinapitirira. Kwa a Mbewe zinali chimodzimodzi, kwa a Sakala chimodzimodzi. Zimene ine ndinalephera kunena ndi ulemu wonse ndi mapemphero omwe, iye anazinena ndi chipongwe, anthu n'kumupempha kuti adzadutsenso mawa.

Magalimoto nawo anawapezera mankhwala. Ina ikaima, ankaikupiza ndi dzanja. "Pitani, pitani! Ine nili naye kale dalaivala, safuna mafuta, ayendera madzi chabe!" Yohane anatipeza tsiku lina ndikukankha pa chitunda, malaya atanyowa, ndipo anayamba nyimbo yake ya anthu ati chiyani. Mwansa anamusiya amalize. Kenaka anati, "Mwaiche, mwana iwe, ufuna atate ako azikwera motoka? Naine ana anga sanali kufuna kuti niziyenda pansi. Ona." Anachotsa chitenje chija. Yohane anaona pamene mwendo unathera. Mlungu womwewo anandibweretsera nsapato zofewa za zingwe.

Tinayenda, ana inu! M'mawa uliwonse kupatula Lamlungu, chifukwa iye anali Mkatolika ndipo ankati tsiku limenelo bulu apume. Misewu ya kuno mukuidziwa, maenje ake oti mbuzi ikhoza kuberekeramo. Munthu wanzeru akanasankha njira yosalala, koma Mwansa ankasankha zitunda. Akaona njira yotsetsereka ankati kumeneko kuli ngongole zake za mowa, tisadutseko, chikhalirecho mowa anasiya kalekale. Mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, fungo la utsi wa kumgodi likukanda pakhosi, iye ankafuna kukaona phiri lakuda lija la miyala yotsala, ati akaone ngati fosholo yake idakali pomwepo. Ndikachepetsa liwiro ankamenya tayala ndi ndodo. "Malayisha wa bwanji iwe? Kumgodi unali kungodya kampompo!" Ndikamuopseza kuti ndimusiya pomwepo anyani anzake adzamutenge, ankati ndiyese, bulu wopanda katundu anthu amubwezera ku tiyi.

Nthawi ya dzinja tinatitimira m'matope kangapo. Tsiku lina tayala linalowa m'ngalande, mpando unapendekeka, tonse awiri tinagweramo, iye pansi ine pamwamba. Amayi ogulitsa tomato anabwera akulira, poganiza kuti kwachitika ngozi yoopsa. Anatipeza tikutukwanizana, matope mpaka m'makutu, iye akuti a kum'mawa ngakhale wilibala sayenera kupatsidwa, ine ndikuti nyani akagwa sadandaula. Anatidzutsa, anatipukuta ndi zitenje zawo, mmodzi n'kufuna kutipatsa zitumbuwa za pepani. Mwansa anamuthamangitsa matope akadali kumaso.

Mimba inayamba kubwerera kumene inachokera. Ine sindinazindikire msanga, amene anazindikira ndi mpingo wonse. Lamlungu lina ndinaimirira kutsogolo kupereka zolengeza, ndinakweza manja onse kuti anthu akhale chete, thalauza n'kuyamba ulendo wopita pansi. Ndinaigwira ili m'mawondo. Amayi a chigwirizano anayang'ana kudenga onse nthawi imodzi, ndipo zolengezazo ndinamaliza ndi dzanja limodzi.

Amene zinamupweteka ndi agogo anu aakazi. Ntchito yawo ya zaka zonse inkasungunuka iwo akuona. Alongo anga atawona chithunzi anaimba foni kuchokera ku Katete kufunsa ngati pakhomo pano moto ukuyakabe. Kumsika ena ankanong'ona za matenda ena aja oondetsa. Tsiku lina amake Yohane anatidikira pa geti, manja m'chiuno, n'kumuuza Mwansa kuti wawachititsa manyazi, mwamuna wawo watsala mafupa okhaokha.

"Bana Yohane," anayankha Mwansa, "sankhani chimodzi, mimba kapena mwamuna. Ngati ni mimba, nikugulireni pilo."

Agogo anu anamuponyera chikho, chinamuphonya. Koma madzulo ake patebulo panali chibwabwa chotendera, nyemba, ndi kansima ka mgaiwa kochepa ngati ka mwana. Anandiikira mbaleyo akuyang'ana kumbali ngati akundipatsa chilango. Mpaka lero ndi mmene timadyera, ndiye musamadandaule mukabwera kuno kuti kwa agogo kulibe zokoma. Masamba amenewo ndinkawanyoza ine ndili kumgodi, ndinkati ndi ndiwo za munthu amene sanalembedwe ntchito.

Tsiku limene sindidzaiwala, tinaima pafupi ndi msika kuti ndipume. Mwansa anabweza mpando kumbuyo osandiuza, tayala linaponda chala changa chachikulu chija. Ndinakuwa, ndinadumpha ndi mwendo umodzi, ndinatulutsa mawu amene mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa n'komwe. Mwansa anatembenuka, maso ali gwa.

"Wamva?"

"Ndamva, chitsiru iwe, wandithyola chala!"

"Wamva! Imwe bantu, bulu wanga wamva!" Anayamba kuwomba m'manja, kululutira ngati mayi pa ukwati. Anthu a pamsika anatizungulira osamvetsa kuti munthu angakondwere bwanji mnzake akupwetekedwa. Pamenepo ndi pamene inenso ndinazindikira. Ndinakhala pansi pafumbi, phazi m'manja, ndikuseka, misozi ikutsika. Dokotala uja atandibayanso ulendo wotsatira ndinati mayo asanafunse, ndipo kanali koyamba kumuwona mano ake.

Tinapitiriza zaka zingapo ndithu. Anthu anatizolowera, ankati akationa ndiye kuti kwacha. Ine ndinkayenda chifuwa patsogolo, ndikumva bwino m'mtima kuti ndikuthandiza wolumala. Abusa ananditchulapo pa guwa ngati chitsanzo cha chikondi, ndipo ndinaweramitsa mutu modzichepetsa, koma makutu ndinatchera kuti ndimve zonse.

Mwansa anatisiya m'nyengo yozizira, impso zitatopa. Anadwala kanthawi kochepa. Inu munali kusukulu, simunaone maliro ake. Pa maliro a Mbemba ntchito ndi yathu a kum'mawa, ndife timaphika, timatema nkhuni, timanyamula bokosi, ndiponso ndife timaseketsa anamfedwa kuti chisoni chisawaphe. Timawathira ufa ndi paudala kumutu, timawanena, timamunena ndi wakufa yemwe. Tsiku loika, ine ndinali patsogolo. Chanda, mwana wake woyamba, anabwera kuchokera ku Northrise atavala suti yakuda yokongola, ndinamukhuthulira paudala yense mpaka anaoneka ngati watuluka m'chigayo. Anthu onse ankadikira nthawi yoona nkhope, chifukwa ankadziwa kuti mbuya wamkulu ndine, ndipo mawu anga omaliza kwa Mwansa sangakhale a masewera. Ndinali nditawakonza kale. Ndinati ndidzamuuza kuti ulesi wa Abemba ulibe mankhwala, zaka zonsezi kukankhidwa, lero akufuna kunyamulidwa.

Mzere usanayambe, bana Chanda anatuma munthu kudzandiitana. Ndinawapeza atakhala pamphasa pakati pa amayi, mawu atasasa. Anandigwira dzanja n'kundikokera pafupi.

"Bashi Yohane, lekani nikuuzeni, lomba sanganikalipire. Mnzanu uja kuyenda sanali kukukonda iyai. Mpando uja unali kumupha msana. Mukamusiya pakhomo mwapita, anali kugona chafufumimba, kubuula mpaka madzulo, ine nimuthowe ndi madzi otentha. Pokhalira ponse panali zilonda, ndine ninali kutsuka. Nikamuuza kuti bashi Chanda, lekani, muzadzipha, anali kuti, 'Awe. Mwendo wanga unapita. Wa wodya mbewa uja sinizalola.' Ananilumbiritsa kuti nisakuuzeni, ati mukadziwa muzaleka kubwera."

Ndinangozindikira ndili pamzere, anthu akundipatsa njira, ena ayamba kale kumwetulira. Ndinafika pa bokosi. Anali atagona mmenemo atamuveka tayi, kamunthu kochepa, pakamwa potseka. Bwalo lonse linkadikira chipongwe changa. Ndinatsegula pakamwa, mawu ndinakonza aja osapezeka.

Ndinawerama, ndinagwira thalauza, ndinaikweza miyendo yonse mpaka m'mawondo.

"Nyani iwe," ndinatero, "ona. Yonse iwiri."

Anthu anaphulika ndi kuseka. Amayi analulutira, Abemba opakidwa ufa anagwira m'mimba, ati a Phiri alibe chisoni, akumuonetsera wakufa miyendo. Ndinawasiya aseke. Ndinaima pomwepo, thalauza ili m'manja, mpaka Yohane anabwera kudzandichotsa.